Thiransifoma ya 315 kVA pakati pa chigayo ndi mpanda: danga la mamita 2.4 likwana?

Zulu_Mawaya

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru simenti isanathiridwe. Pali ntchito yoika mawaya pa chigayo china ku Makeni, mu Lusaka: zigayo ziwiri, makina okonola chimanga ndi cold room yaing'ono. Mwini wake wagula thiransifoma ya 315 kVA, yotsitsa 11 kV kufika pa 400 V, ya mafuta, yokhala pansi osati ya pa mapolo. Pa nameplate palembedwa mafuta malita 290, kulemera 1,350 kg, impedance 4%. M'litali ndi 1.5 m, m'lifupi 1.3 m kuphatikiza mabokosi a kebulo. Mabokosiwo ali mbali ziwiri zazitali, la 11 kV uku, la 400 V uko, ndipo ma radiator ali kumapeto.

Malo amene bwana akufuna ndi kampata ka kuseri, pakati pa khoma la chigayo ndi mpanda wa mabuloko. Kampatako ndi ka 2.4 m m'lifupi, kotseka kumapeto. Denga la malata latulukira pamwamba pake ndi 600 mm, mitengo ya dengalo ndi ya paini, ndipo pakhomapo pali zenera lotulutsira fumbi la chigayo. Jenereta akuti ikhalenso momwemo. Mantha awo ndi akuba, akuti kuseriko anthu a pamsewu saiona.

Ena akundiuza 120 mm, ena mita imodzi, ena mamita atatu. Nambala yeniyeni ndi iti? Nanga makebulo adutse motani?

Nyirenda_HT

A Zulu, onse amene akuuzani manambalawo sananame, kungoti aliyense wayankha funso lake. Ya 120 mm ndi ya mpweya umene uyenera kukhala pakati pa chitsulo cha moto (chodutsa magetsi) cha 11 kV ndi chitsulo chilichonse cha earth, kapena pakati pa phase ndi phase, m'nyumba. Panja ndi 150 mm, ndipo pa 33 kV ndi 320 mm. Zimenezi zili mu IEC 61936-1, buku la miyeso ya padziko lonse ya malo a magetsi amphamvu. Ntchito ya nambalayi ndi yoti moto usadumphe, basi. Siikunena za munthu wokhala ndi sipanala m'manja. Pa thiransifoma yanu nkhani imeneyi anaithetsa kale a ku fakitale m'kati mwa bokosi la kebulo, inu chanu ndi kusaiwononga: lug (kachitsulo ka kumapeto kwa waya) yaitali mopitirira, bawuti yotulukira kwambiri kapena mchira wa earth wa termination (mutu womalizira kebulo) wopindikira pafupi ndi phase zimadya mamilimita amenewo osadziwa. Mukamaliza termination muyeze ndi tepi, musangoyang'ana ndi maso.

Tsopano tiwerenge malo anu. 2.4 m kuchotsapo 1.3 m kutsala 1.1 m, ndiye kuti 550 mm mbali iliyonse, ndipo mbali zimenezo ndi kumene kuli zivundikiro za mabokosi. Wopanga heat-shrink termination amafuna kugwada, kutambasula michira itatu ya kebulo, kuyendetsa lawi la gasi mozungulira, kenako kulowetsa torque wrench. Mu 550 mm msana uli pa buloko, nkhope ili m'bokosi. Choopsa kwambiri chili kumbali ya 400 V, kumene anthu amapeputsa. Thiransifoma imeneyi ikanyamula katundu wonse imatulutsa pafupifupi 455 A. Ndi impedance ya 4%, shoti ya pa bushing (potulukira magetsi pa thanki) penipeni ikhoza kufika pafupifupi 11,000 A, ndipo pakati pa bushing ndi main breaker palibe choteteza cha mbali ya 400 V. Moto umazima pokhapokha fyuzi ya 11 kV itapsa. Munthu amene akuyeza voteji pamenepo ayenera kukhala ndi kobwerera m'mbuyo.

Malamulo a ku America a NEC amanena momveka pa zimenezi. Kutsogolo kwa chipangizo cha voteji ngati yathu ya 230 V ku earth amafuna 900 mm ngati kumbuyo kwa munthu kulibe chilichonse cha earth, 1.0 m ngati kuli khoma la njerwa kapena konkire, ndi 1.2 m ngati mbali zonse ziwiri kuli zitsulo za moto. M'lifupi 762 mm kapena kukula kwa chipangizocho ngati chapitirira pamenepo, kuchokera pansi kupita m'mwamba 2.0 m, chitseko chitseguke mpaka madigiri 90. Si lamulo la kuno, koma thupi la mmisiri wa ku Texas ndi la wa ku Matero ndi limodzi. Kwa ine mita imodzi ndiyo yochepetsetsa ku bokosi la 400 V, ndipo ku la 11 kV ndimajambula 1.5 m. Ngati padzakhala switchgear kapena mafyuzi otsegula ndi link stick, kutsogolo kwake kukhale mamita atatu opanda kanthu, chifukwa ndodoyo ndi yaitali ndipo woigwira amaima patali dala.

Mwina muganiza zoitembenuza kuti mabokosi ayang'ane m'litali mwa kampatako. Malo ogwirira ntchito apezekadi, koma m'mbali mutsala 450 mm uku ndi uku, ndipo amene ali ku bokosi la kumapeto kotseka watsekeredwa ngati mbewa ku una. Njira yodutsa munthu IEC imafuna isachepere 800 mm. Thanki ikaphulika, adzatulukira pati?

Za moto. Mafuta a thiransifoma amayamba kutulutsa nthunzi yoyaka akafika cha m'ma 140 °C, ndipo arc (lawi la magetsi odumpha) ya m'kati mwa thanki imapitirira pamenepo kutali. Tebulo la IEC 61936-1, pa thiransifoma ya panja ya mafuta malita 1,000 mpaka 2,000, limapereka mamita 3 kuchokera ku khoma losayaka ndi mamita 7.5 kuchokera ku chinthu choyaka. Yanu ili pansi pa malita amenewo, komabe mitengo ya paini pamwamba, zenera la fumbi la ufa pambali, dizilo wa jenereta pafupi, ine sindingasainire drawing yotere. Ichokemo m'kampatamo.

Ndipo musathire plinth (konkire yokhazikapo thiransifoma) a ZESCO, kampani ya magetsi ya Zambia, asanavomereze drawing ya malo. Ngakhale thiransifoma ndi ya mwini chigayo, olumikiza ku 11 kV ndi iwo, ndipo muyeso wawo ukasiyana ndi manambala athu ano, wawo ndiwo ugwire ntchito. Drawing isainidwe ndi injiniya wolembetsedwa ku EIZ, bungwe la mainjiniya la Zambia. Kugumula konkire youma kumawawa kuposa kudikira sabata ziwiri.

Mayi_Tembo

Ine ndionjezepo za kutentha, chifukwa thiransifoma zambiri sizifa ndi kuphulika, zimangopsa pang'onopang'ono mpaka tsiku lina osadzukanso.

Ya 315 kVA ikalemedwa imataya mphamvu ya 4 mpaka 5 kW ngati kutentha. Yerekezani ma heater awiri akuluakulu oyaka usana wonse. Kutentha konseko kumachoka kudzera m'ma radiator: mpweya wozizira umalowa pansi, umakwera pakati pa zitsulo zopyapyalazo, n'kutulukira pamwamba. Mukaika khoma pafupi ndi denga pamwamba, mpweya wotentha umangozungulira pomwepo ndipo radiator imapumanso mpweya umene yangotulutsa kumene. Siyani 600 mm kapena kuposerapo kuchokera ku radiator kufika ku khoma, pokhapokha buku la wopanga litanena zina, ndipo pansi pa radiator pakhale poyera, osati pounjika miyala kapena matumba a gaga.

IEC 60076 imayesa thiransifoma poganiza kuti mpweya woizungulira supitirira 40 °C, ndipo mafuta a pamwamba amaloledwa kukwera ndi madigiri 60 pamwamba pa mpweyawo, ma winding (mawaya okulungidwa m'kati) ndi 65. Mu October kuno mumthunzi mumadutsa 30 °C. Kampata ka mabuloko kowombedwa ndi dzuwa la masana, muli utsi ndi mpweya wa radiator ya jenereta, kakhoza kudutsa 40 mosavuta. Pepala lokulunga mawaya m'kati limakalamba mowirikiza kawiri pa madigiri 6 aliwonse oonjezera pamene patentha kwambiri pakadutsa 98 °C. Chinthu choti chikanakhala zaka makumi atatu chimatha zisanakwane khumi, kenako mlandu umapita kwa wogulitsa.

Pali china chimene ambiri saganizira: Lusaka ali pamtunda wa pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene muyeso wamba wa thiransifoma umalekezera pa mamita 1,000. Mpweya wa kuno ndi wopepukirapo, sunyamula kutentha ngati wa ku Dar es Salaam kapena ku Durban, komanso sutchinga moto mofanana. Pa thiransifoma ya mafuta yozizira yokha, IEC imachotsa digiri imodzi pa mamita 400 aliwonse opitirira 1,000, ndipo danga la mumpweya la ma bushing limaonjezedwa ndi 1% pa mamita 100 aliwonse. Kwa ife ndi pafupifupi digiri imodzi ndi 3%. Ndi zochepa, inde, koma zikutanthauza kuti kuno si kometa manambala. Onaninso pa nameplate ngati palembedwa altitude.

Bwana akadzati tiimangire kachipinda chifukwa cha akuba, mazenera a mpweya awerengedwe, asangoboola mabuloko awiri. Njira yachidule imene opanga ena amapereka ndi iyi: malo olowera mpweya pansi, m'masikweya mita, ndi 0.18 kuchulukitsa ndi ma kW otayika, kugawa ndi square root ya kutalika kwa pakati pa zenera la pansi ndi la pamwamba. Pa 5 kW ndi mamita awiri mupeza 0.64. Lotulukira pamwamba likule ndi 10%, ndiye 0.70. Amenewo ndi malo a mpweya weniweni. Louvre ndi sefa ya waya zimadya pafupifupi theka, choncho bowo la pakhoma likhale pafupifupi kawiri. La pansi likhale khoma lina, la pamwamba khoma loyang'anizana nalo. Chitseko chikhale chachitsulo, chotsegukira kunja, chotheka kutsegula uli m'kati popanda kiyi.

Fumbi la chigayo lisamayang'ane kumeneko. Likasakanikira ndi kamafuta kotuluka thukuta pa gasket limamata pa radiator ngati phala, ndipo pa bushing likanyowa ndi mvula yoyamba limasanduka njira ya moto.

Za jenereta ndikupempheni chinthu chimodzi. Chiyambire load shedding ya 2024, madzi atachepa ku Kariba, mabizinesi ambiri ali ndi jenereta kapena sola. Thiransifoma siisankha mbali: 400 V ya jenereta ikalowa ku mbali yotsika, ku bokosi linalo kumatuluka 11 kV, ngakhale ZESCO itazimitsa. Changeover (switchi yosinthira pakati pa ZESCO ndi jenereta) ikhale ya interlock yeniyeni, yosatheka kutseka mbali ziwiri nthawi imodzi, ndipo aliyense wotsegula bokosi la kebulo azimitse mbali zonse, akhome loko, ayeze, amange earth, kenako agwire.

Daka_Chinika

A Nyirenda ndagwirizana nanu kuti kampatako ayi, koma pa mamita atatu otalikira khoma chifukwa cha moto aja tisaopseze munthu. Mapuloti ambiri a ku Chinika ndi ku Light Industrial alibe malo otere, ndipo thiransifoma zili momwemo mwalamulo. Pamene danga lakanika pamamangidwa khoma lotchinga moto, la konkire kapena njerwa zodzaza, lopanda zenera, lopitirira msinkhu wa thanki ndi conservator (kathanki ka mafuta ka pamwamba) ndiponso lotulukira m'mbali kupitirira dzenje la mafuta. Njira ina ndi kugula ya mafuta a ester, amene sayaka mpaka kupitirira 300 °C, kapena ya dry-type, koma apa thiransifoma yagulidwa kale. Chimene khoma silingakonze ndi malo ogwirira ntchito ndi pothawira. Pamenepo palibe chidule.

Funso la makebulo silinayankhidwe. Nthawi zambiri danga lenileni limalamulidwa ndi kebulo, osati thanki. Kebulo ya 11 kV ya XLPE, ya 3-core yokhala ndi armour (mawaya achitsulo oiteteza), siipindidwa mothina kuposa kunenepa kwake kuchulukitsa ka 12, ena amati ka 15, onani pepala la wopanga. Ngati kunenepa kwake ndi 60 mm, uta wake ndi 720 mpaka 900 mm. Ikuchokera m'ngalande mopingasa, iyenera kukhota mofatsa kuti ikwere chilili kulowa mu gland (chomangira kebulo polowera m'bokosi). Ndiye ngalande ya pansi pa bokosi ikhale yakuya pafupifupi mita, ndipo kebulo ifike yowongoka kwa kamtunda isanalowe mu gland. Mukaikakamiza, insulation imapanikizika mbali imodzi, screen imakwinyika, partial discharge (timoto tating'ono todya insulation) imayamba, ndipo termination imaphulika patapita miyezi, kawirikawiri nthawi ya mvula. Ya 400 V ya armour, uta wake ndi kunenepa kwake kuchulukitsa ka 8.

Kebulo imangidwe ndi cleat pansi pa bokosi kuti kulemera kwake kusakoke bushing. Bushing yokokedwa imayamba kudontha mafuta pa gasket. Ngati ku 400 V mugwiritsa ntchito ma single core, gland plate ikhale ya aluminiyamu kapena brass, ndipo armour ikhale ya aluminiyamu. Pa plate yachitsulo, kebulo iliyonse ikadutsa bowo lake, maginito a 455 A amatenthetsa chitsulocho mpaka penti kupsa. Ziyende zitatu pamodzi mwa trefoil (ziwiri pansi, imodzi pamwamba), zomangidwa zolimba, chifukwa pa shoti zimakankhana mwamphamvu. Mukaika makebulo awiri pa phase imodzi, akhale a saizi imodzi ndi utali umodzi, apo ayi mmodzi amasenza katundu wa mnzake.

M'nthaka, ya 11 kV imakwiriridwa 800 mm mpaka mita imodzi, ya 400 V pafupifupi 600 mm, mchenga wosefa pansi ndi pamwamba, kenako ma slab, kenako tepi yochenjeza chapamwamba kuti wokumba aione piki isanafike. Zikayenda ngalande imodzi zitalikirane 300 mm. Ku Makeni mukumana ndi mwala msanga. Ngati kuya kwakanika, ikani ma duct okutidwa ndi konkire, musangoyala kebulo pamwala n'kufotsera. Pakamwa pa duct patsekedwe, chifukwa makoswe a pa chigayo ndi njoka zowatsatira zimalowera pomwepo mpaka m'bokosi la 11 kV.

Earth nayo imafuna malo ake. Thanki, armour ya 11 kV ndi ma surge arrester zimapita ku earth imodzi, neutral ya 400 V ku ina. Zimaphatikizidwa pokhapokha resistance yonse itatsika kwambiri, mwambo wakale umati 1 ohm kapena kucheperapo. Pa mwala wa kuno, mu September nthaka itauma gwa, nambala imeneyo siipezeka ndi ndodo ziwiri. Zikalekanitsidwa, ndodo za neutral zimapita kutali, mamita 5 mpaka 8 kutengera buku limene mukutsatira, pa waya wokutidwa. Mukaziphatikiza pa earth yofooka, fault ya 11 kV imakweza voteji ya neutral, ndipo imakafika pa thupi la mota ya chigayo pamene pagwira munthu. Muyeze nthawi ya chilimwe, chifukwa muyeso wa mu January umanamiza.

Plinth ikwere 300 mm pamwamba pa nthaka, kuposerapo ngati pamalopo pamaima madzi. Amene anaonapo madzi osefukira ku Kanyama mu February akudziwa. Kuzungulira plinth pakhale kakhoma kosunga mafuta onse 290 ndi malo otsalira a madzi a mvula, pamwamba miyala yoswa yokwana 100 mpaka 150 mm. Miyalayo imazimitsa mafuta oyaka komanso imateteza mapazi pa fault. Malamulo ambiri amakakamiza dzenje kuyambira malita 1,000, koma madzi a pansi pa Lusaka ali pafupi ndipo mwala wake ndi wa mabowo. Mafuta otayika lero mawa ali mu borehole ya neba, ndipo nkhaniyo imakathera ku ZEMA, bungwe loona za chilengedwe.

Za akuba, bwanayo akuganiza chagada. Kuseri kosaoneka ndiye kumene wakuba amakhetsa mafuta ndi kusolola kopa mosatekeseka, makamaka malaiti akapita. Ikhale poonekera kwa alonda, pali nyale ya sola, valavu yokhetsera mafuta itatsekeredwa m'kabokosi kachitsulo kowotcherera.

Zulu_Mawaya

Zikomo kwambiri akuluakulu, zamveka. Malo ena alipo kutsogolo, pafupi ndi geti, mamita 6 kuchokera ku chigayo. Vuto ndi loti laini ya 11 kV imadutsa m'mbali mwa msewu pafupi ndi mpandawo, ndipo malole a chimanga amabwerera chambuyo pomwepo. Mpanda wozungulira thiransifoma ukhale wotani, ndipo utalikire bwanji?

Nyirenda_HT

Pamenepo ndiye pabwino, a Zulu, ndipo kebulo ya 11 kV ifupika. A Daka anena zoona za khoma, kungoti pa mamita 6 simulifunanso, bola pakati pasasanduke posungira matumba ndi mapaleti.

Mpanda usachepere 1.8 m, ambiri amaika palisade ya 2.4 m chifukwa cha akuba. Popeza thiransifoma yanu ilibe chitsulo cha moto poyera, mtunda wa mpanda ukutsatira malo ogwirira ntchito: 1.5 m ku bokosi la 11 kV, mita imodzi ku la 400 V ndi ku ma radiator. Malo onse atuluka pafupifupi 3.5 m ndi 3.8 m. Geti litsegukire kunja, likhale lalikulu moti thiransifoma itulukirepo osagumula kanthu, pakhale chikwangwani cha ngozi ndi loko. Ikanakhala ya ma bushing oonekera nkhani ikanasintha: chitsulo cha moto chimayenera kukhala 2.5 m kapena kuposerapo pamwamba pa poponda munthu, tsinde la insulator 2.25 m, ndipo mpanda wa sefa umatalikira 1.5 m kuonjezapo 150 mm ija.

Mpanda wachitsulo umene munthu angaugwire dzanja lina lili pa thanki umangiriridwe ku earth ya thankiyo, geti lilumikizidwe ndi waya wofewa ku nsanamira yake, ndipo kunja kwa mpanda kukwiriridwe waya wa kopa wozungulira, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa mpandapo, kuti wogwira ali panja asakhale pakati pa mavoteji awiri. Ofuna kuupatsa earth yakeyake ayenera kuutalikitsa mamita awiri kuchokera ku chilichonse cholumikizidwa ku thanki. Choipa ndi chapakatikati, mpanda wosamangirira koma wofikirika.

Mbali ya malole muzike mapaipi achitsulo odzaza konkire, otuluka pafupifupi mita imodzi pamwamba, kunja kwa mpanda, ndipo muyambe mwalemba pamene padutsa makebulo musanakumbe maenje ake.

Plinth isakhale pansi pa laini kapena m'malo amene ZESCO imasunga m'mbali mwa laini yake. Afunseni muyeso wa malo amenewo (wayleave) pa laini imeneyo akabwera kudzaona malo. Tsiku lotsitsa thiransifoma, mkono wa crane, tcheni ndi katundu zisayandikire mawaya a 11 kV kuposa mamita atatu, ndipo pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana mkonowo basi. Ngati 1,350 kg singafike pa plinth popanda kudutsa malire amenewo, pemphani kuti laini izimitsidwe ndi kumangidwa earth tsiku limenelo. Poikhazika, galasi loonera mafuta, silica gel ndi nameplate ziyang'ane ku geti kuti ziziwerengeka munthu ali panja, ndipo valavu yotulutsa presha iloze kumene sikuima munthu.